Mababu a parallel akuchepa kuwala, pomwe buku likuti asasinthe

Mayi Nkhoma: Aphunzitsi anzanga a Physics, ndithandizeni lisanafike Lachinayi. Dzulo ndimaonetsa ana a Fomu 3 kusiyana kwa series (mababu olumikizidwa motsatizana pa njira imodzi) ndi parallel (babu lililonse pa nthambi yakeyake). Labu tilibe kuno, ndiye ndinagula mababu a tochi olembedwa 2.5 V 0.3 A, mabatire awiri akuluakulu a 1.5 V ndinawakulunga m'pepala n'kuwamanga ndi malegeni. Za series zinayenda bwino. Pofika pa parallel ndinali nditawauza kale ana kuti babu lililonse limalandira voltage (mphamvu yokankha magetsi) yonse ya batire, choncho kuwala sikusintha. Nditalumikiza lachiwiri, loyamba lija linachepa kuwala onse akuona. Nditaonjezera lachitatu, onse atatu anangofiira ngati makala otsala pang'ono kuzima. Mtsikana wina wokhala kutsogolo anafunsa kuti, "Madamu, nanga pa mayeso a MANEB tidzalembe zomwe taonazi kapena za m'buku?" Ndinamuuza kuti ndimuyankha Lachinayi. Sindikufuna kumunamiza mwanayu.

A Chirwa: Madamu, pepani pofunsa, koma mwatsimikiza kuti inalidi parallel? Mawaya akachuluka patebulo, series imatha kulowa osazindikira.

Mayi Nkhoma: Ndinayesa, a Chirwa. Nditamasula babu limodzi, awiri otsalawo sanazime. Anawala kwambiri kusiyana ndi poyamba.

A Gondwe: Mawu omalizawo ndi amene aulula vuto, mayi. Mawaya munalumikiza bwino. Multimeter, kachida koyezera magetsi, muli nayo? Muyeze voltage pa mabatirewo katatu: opanda babu, ndi babu limodzi, ndi mababu atatu. Mabatire ake akhale omwewo, musasinthe kanthu.

Mayi Nkhoma: Ndabwereka kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika. Opanda babu 2.9 V. Babu limodzi 2.5 V. Atatu 1.9 V. Nanga volt imodzi yathunthu ikupita kuti?

A Gondwe: Ikutsalira m'kati mwa mabatire momwemo. Chomwe munauza ana chija n'choona: mababu atatuwo ali pa voltage imodzi. Chomwe chithunzi cha m'buku sichinena n'chakuti batire lojambulidwalo limatengedwa ngati lopanda resistance, pomwe la kugolosale lili nayo. Current, kutanthauza magetsi oyenda m'waya, imadutsanso m'mankhwala a m'kati mwa batire, ndipo kumeneko imakumana ndi chopinga, internal resistance.

Tiwerengere limodzi. Ndi babu limodzi mwataya 0.4 V, ndipo babu lanulo pa 2.5 V limakoka 0.3 A monga lalembedwera. 0.4 kugawa ndi 0.3 ikutipatsa pafupifupi 1.3 ohms. Ndi mababu atatu mwataya 1.0 V, kugawa ndi 1.3 yomweyo, ndiye kuti mabatire akutulutsa pafupifupi 0.75 A, babu lililonse 0.25 A. Nthambi iliyonse yomwe mukuonjezera ikuchepetsa resistance ya kunja, current yochoka m'batire ikukwera, ndipo voltage yotsalira m'kati ikukwera nayo. Mababu akugawana zotsala. Mabatire otchipa a zinc-carbon amachita zimenezi kwambiri, makamaka akakhalitsa pashelefu. Mukawayeza opanda chowakoka amaoneka amphamvu, ndi chifukwa chake 2.9 V ija inakupusitsani.

Chinanso, mu 1.3 ohms imeneyo mwina muli gawo la polumikizira. Malegeni sakanikiza mokwanira, ndipo ndikukayika ngati nsonga za mawaya anu zili zoyera. Zipaleni ndi sandipepala, pamodzi ndi pansi pa batire.

A Mbewe: Bwanji osangobwereka batire la njinga yamoto? Limenelo silifooka ndi timababu titatu.

Mayi Kalua: Ayi a Mbewe, ndikukana zimenezo. Limenelo ndi la 12 V, mababu a 2.5 V apsa pomwepo. Choopsa kwambiri n'chakuti internal resistance yake ndi yochepetsetsa. Mwana akagunditsa mawaya awiri mwangozi, waya amatentha mpaka pulasitiki kusungunuka m'manja mwake. Ana makumi asanu ndi limodzi ataunjikana patebulo limodzi simungawaone manja onse. Gulani mabatire a alkaline atsopano, kukula kwake komweko. Ndi odula, koma mukamawachotsa phunziro likatha amakufikitsani patali.

A Mbewe: Mwanena zoona madamu, za ana kugunditsa mawaya sindinaziganizire.

Mayi Kalua: Koma ine nkhawa yanga ili pena, Mayi Nkhoma. Ana anu ataona mababu akufiira, ndikukhulupirira kuti ambiri anaganiza kuti babu loyamba "ladya" magetsi, otsalawo n'kulandira nyenyeswa. Ganizo limeneli likakhazikika silichoka msanga, ndimalipeza ngakhale kwa a Fomu 4. Ikani ammeter, choyezera current, babu lisanafike, kenako muiike kuseri kwake, awerenge okha. Nambala ndi imodzimodzi. Charge siithera m'babu, chomwe chimasanduka kuwala ndi kutentha ndi energy.

Ine ndimalowetsa njinga yakapalasa m'kalasi, n'kuigadabuza miyendo m'mwamba. Tcheni ndiye ma electron: ali kale m'waya monse batire lisanabwere. Mwana wopalasa ndi dzanja ndiye batire. Akangokankha pedulo, tcheni chonse chimayenda nthawi imodzi, ndipo palibe mfundo ya tcheni yomwe imasowa ikadutsa kumbuyo. Kenako wina amagwira buleki pang'ono, wopalasa uja nkhope imasintha, gudumu n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Pamenepo amamvetsa okha kuti wokankhayo nayenso ali ndi malire. Zikatero ndimalemba pabolodi kuti ampere imodzi ndi coulomb imodzi pa sekondi, ndipo electron imodzi ili ndi 1.6 × 10⁻¹⁹ C. Ndiye mu kababu ka 0.3 A mukudutsa ma electron pafupifupi 1.9 × 10¹⁸ sekondi iliyonse, ndipo onsewo akutulukira mbali inayo.

A Chirwa: Chitsanzo china chomwe ana a kumudzi amachidziwa: dalaivala wa minibasi akamayatsa injini usiku nyali zili zoyaka, nyalizo zimachita ngati zikuzima kwa kanthawi. Sitata ndi nyali zili pa parallel, sitata imakoka current yambiri, voltage ya batire n'kutsika. Ndi zomwezi zinachitika patebulo panu.

Mayi Nkhoma: Nanga mwana uja ndimuyankhe chiyani za mayeso?

A Gondwe: Muuzeni kuti funso likapanda kutchula internal resistance, atenge batire ngati losafooka, mababu ofanana a parallel awale chimodzimodzi ndi babu limodzi. Koma musamuuze kuti maso ake anamunamiza. Muonetseni manambala anu atatu aja. Ine ndikanakhala inu, mabatire akalewo sindikanawataya, ndikanaika magulu onse awiri patebulo.

Mayi Nkhoma: Ndabwera ndi lipoti la lero. Ndinapala mawaya, ndinagula a alkaline awiri, ndipo m'malo mwa malegeni ndinawapanikiza pakati pa misomali iwiri pathabwa. Atsopanowa: 3.1 V opanda babu, 3.0 V ndi limodzi, 2.8 V ndi atatu. Kuwala kunasintha pang'ono kwambiri moti okhala kumbuyo sanaone kusiyana. Kenako ndinabwezeretsa akale aja, ndipo mtsikana uja ndi amene anagwira multimeter n'kumawerengera anzake mokweza. Atafika pa 1.9 anati, "Ndiye kuti batire nalonso ndi resistor." Njinga ndinaibwereka kwa alonda, inathandiza kwambiri.

Vuto latsopano: mnyamata wina anatembenuzira multimeter ku mA, komwe imagwira ntchito ngati ammeter, n'kuigunditsa molunjika pa batire. Tsopano voltage ikuyeza, koma current ikungoonetsa ziro. Ndiyenera kuibweza mawa.

A Gondwe: Yapsa ndi fyuzi ya m'kati, chifukwa ammeter ilibe resistance yokwanira kutchinga current, inakhala ngati waya wongolumikiza mbali ziwiri za batire. Masulani tizomangira ta kumbuyo, mupeza kagalasi kakang'ono kokhala ndi zitsulo mbali zonse. Werengani nambala yolembedwa pachitsulocho, mugule yofanana nayo ndendende. Musaikemo waya kapena pepala lonyezimira la ndudu. Mwini wakeyo mumuuze zomwe zachitika, mwina fyuzi yotero ali nayo kale pabenchi pake.