Ndingawasunge bwanji antchito aluso popanda kuwakweza kukhala mabwana?

Moni nonse a pa gulu lino. Ndimayang'anira gawo la okonza makina pa kampani ina, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwatsogolera anthu kwa nthawi yaitali. Pakati pa antchito anga pali mayi wina amene luso lawo limaposa la anzawo onse: makina akavuta amaitanidwa ndi iwowo, ndipo achinyamata olembedwa kumene amaphunzira zambiri pongowaonerera. Posachedwapa anandiuza mwaulemu kuti kampani ina ikuwafuna.

Vuto ndi lakuti pa kampani yathu munthu amawonjezeredwa malipiro pokhapokha akapatsidwa udindo woyang'anira anzake, pomwe mayiwa ananena poyera kuti misonkhano ndi kulemba malipoti sizili kumtima kwawo. Ndikawakweza, ndiye kuti ndachotsa manja odalirika pa makina. Ndikawawonjezera ndalama mwakachetechete, nkhaniyo idzamveka ndithu ndipo ena adzati ndikukondera. Kodi amene munakumanapo ndi zotere munachita bwanji?

Yankho loyamba: Musawakakamize ubwana. Katswiri wa zamaphunziro Laurence J. Peter analemba mu 1969 kuti m'mabungwe anthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino pa ntchito yomwe ali nayo, mpaka amakafika pa udindo umene sangaukwanitse. Makampani ambiri a zaumisiri amakhala ndi makwerero awiri, ena a oyang'anira ndi ena a akatswiri, kotero kuti mmisiri wamkulu akhoza kulandira mofanana ndi manijala osasiya zida zake. Kambiranani ndi a ofesi yoona za antchito kuti udindo wotere ukhazikitsidwe, ndipo zoyenereza zake zilembedwe kuti aliyense adziwe momwe angaufikire. Mukatero, za kukondera zija sizidzakhala ndi pogwira.

Yankho lachiwiri: Ndikugwirizana nawo, koma mwafulumira kuganiza kuti nkhani ndi ndalama. Kafukufuku wa mu 1959 wa Frederick Herzberg, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, anasonyeza kuti malipiro ochepa amabweretsa madandaulo, koma zimene zimapatsa munthu chidwi pa ntchito ndi kuyamikiridwa, kupatsidwa mphamvu zopanga ziganizo ndi mwayi wokula. Kodi munawafunsa mayiwo chimene chawakopa kumeneko? Nthawi zambiri wantchito waluso amalipidwa ndi ntchito yowonjezera, chifukwa zovuta zonse zimathera pa iye, ndipo kutopa koteroko sikuchoka ndi ndalama. Dziwaninso kuti kuwonjezera malipiro munthu ataopseza kuchoka kumaphunzitsa otsalawo kuti njira yokwezedwera ndi imeneyo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mayiwa amaitanidwadi ngakhale pa masiku awo opuma, choncho ndiyamba ndi kukhala nawo pansi sabata ino. Komabe ndifunsenso a yankho loyamba: udindo wa katswiriwo ndingauteteze ndi mfundo ziti kwa akuluakulu a zachuma, popeza iwo amangoona kuti malipiro akukwera pomwe chiwerengero cha anthu oyang'aniridwa sichikusintha?