Sipika ya matayala ya maiki opanda waya: ndigule kapena ayi?

Mlangizi: Akuluakulu, ndimaphunzitsa kasungidwe ka chimanga m'midzi, anthu 60 mpaka 100 pansi pa mtengo. Sipika zija za matayala za mainchesi 12, zobwera ndi maiki awiri, zingathandize? Andiuza K180,000.

WaLimbe: Akukuberani dzuwa likuswa mtengo! Kuno ndi K120,000. Ndiye pa katoni amalemba 3000W, bodza lamkunkhuniza. Imeneyo ndi PMPO, nambala yokokomeza mphamvu ya sipika; inu funsani RMS, yomwe ndi mphamvu yake yeniyeni. Batire yamkati ndi ya 12V, mukaisiya yotheratu kwa masabata angapo sidzukanso. Amalonda zimenezi sanena, risiti nayo sapereka. Akuba.

Chitsulo: K120,000 inali chaka chiti aise? 😂

MC Wamkulu: Zidole zimenezo ine sindigwira, zanga ndi za kampani ya Shure. Komabe achemwali, zambiri zimalakwika ndi kagwiridwe. Maiki italikire pakamwa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo musaifumbate kumutu. Sipika ikhale patsogolo panu itayang'ana anthu. Mukadutsa kumaso kwake imalira, chifukwa maiki ikutola mawu otuluka mu sipika momwemo. Echo, ija yobwereza mawu, tsekani, ndi ya oyimba, pophunzitsa imasokoneza mawu.

Aphunzitsi: Funso n'lakuti mumayankhula bwanji. Wowerenga pepala amazyolika, mawu amathera pachifuwa, sipika ingokuza kung'ung'udza kwakeko. Kuloweza nakonso, mlimi akafunsa funso pakati mwasokera. Lembani mfundo 3 kapena 4 pakakhadi, zotsalazo muzinena mukuyang'ana anthu. Chinanso, posonyeza kamangidwe ka thumba la PICS (losungiramo chimanga, losalowa mpweya) mumanga mapulasitiki awiri amkati lililonse palokha, kenako saka lakunja. Manja onse ali pantchito, maiki mugwira ndi chiyani? Funani yovala kumutu.

Chitsulo: Gulani megafoni basi, K35,000. Mavenda amagulitsira mankhwala a makoswe tsiku lonse batire osatha.

MC Wamkulu: Megafoni ndi yoitanira anthu bambo. Mphindi 40 za mawu a m'chitini amenewo, azimayi ayamba kubalalika.

WaLimbe: Yovala kumutuyo kawaya kake kamaduka polowera. Ndalama zinanso.

Aphunzitsi: Komabe anthu akakhala 60 okha, makina safunika. Akhale mozungulira ngati mwezi watsopano, mphepo iziwomba kuchokera kumbuyo kwanu, ndipo funso lililonse muzilibwereza mokweza musanayankhe.

Mlangizi: Nanga mabatire a maikiwo?

MC Wamkulu: Ambiri amadya AA awiri. Gulani a alkaline, otchipa aja mawu amayamba kudukaduka msonkhano uli pakati. Apadera akhale m'chikwama.

Chitsulo: Ku Mzuzu ati K210,000 tsopano. Inu pitirizani kukambirana.