Zotsatira za funso langa lofuna mphunzitsi wa zothamanga

Zikomo nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa ngati nkoyenera kulipira mphunzitsi pokonzekera mpikisano wa makilomita 21, miyendo ikuwawa m'misongolo. Ndinatsata amene munati ndisamulembe wa chaka chonse, ndimulipire mwezi umodzi aone mmene ndimapondera, andilembere ndondomeko, zotsalazo tizilankhulana pa WhatsApp.

Vuto analipeza msanga: kuthamanga mwamphamvu tsiku lililonse pa tala wa M1. Anandisamutsira ku misewu ya fumbi ya kuno ku Nchalo, masiku 4 pa sabata. Atatu ndi a pang'onopang'ono moti ungathe kucheza ukuthamanga, limodzi ndi la liwiro: mamita 400 maulendo 6 pa bwalo la mpira, kupuma mphindi 2 pakati. Mtunda wa pa sabata sauwonjezera kuposa 10 peresenti, ndipo sabata yachinayi amauchepetsa kuti mafupa apezeko mpata. Ululu uja unatha, ndipo makilomita 16 ndikumaliza bwinobwino.

Inu amene mukufuna mphunzitsi, mumufunse ngati akudziwa kutentha kwa kuchigwa kuno. Mu October ndi November kumadutsa madigiri 40, mtima umagunda msanga, choncho liwiro lolembedwera wa ku Blantyre lingakugwetseni. Yambani kuthamanga 5 koloko m'mawa isanakwane, ndipo mukadutsa ola limodzi imwani madzi a ORS chifukwa thukuta limachotsa mchere wambiri. Chigwa chathu nchafulati, ndiye ngati mpikisano uli ndi zitunda, kamodzi pa sabata ziwiri kakwereni zitunda za ku Thabwa, pa msewu wopita ku Blantyre. Amene akukupatsani ndondomeko asanakufunseni za kuvulala kwanu, musamupatse ndalama.