Apongozi akufuna kukaona kwa Romanée-Conti, ndiyambire pati?

Membala wosadziwika: Admin bisani dzina chonde. Anthuni mutu wandizungulira. Apongozi anga aamuna, bambo a bambo akunyumba, ndi azungu a kuno ku Leeds, akukwanitsa zaka 70 ndipo tikakhala pa tebulo nkhani yawo ndi imodzi basi, vinyo wa ku France wotchedwa Romanée-Conti, akuti asanafe akaponde pamalopo. Mlamu wanga mwana wawo wamkazi ndi amene anayambitsa zoti tiwatengere kumeneko kenako wangozitaya zonse kwa ine ati "iwe umatha kukonza zinthu," munthu yemweyo ndalama ya Khirisimasi sanandibwezere mpaka lero ndipo ine ndimagwira ntchito usiku, mwana akudwala mano, galimoto ili ku galaja. Ndafufuza pa intaneti sindikuona polembetsa kuti tikaone malowo ndi kulawa. Amalipiritsa zingati? Botolo limodzi tingagule pompo?

Chimwemwe wa ku Cape: Kkkkkk achemwali mwati botolo?? Ine ndagwira ntchito yoperekera vinyo ku Cape Town zaka zambiri ndikuuzeni. Munda wa mphesa wa vinyo ameneyo ndi mahekitala 1.8 okha, sufika ndi mabwalo atatu a mpira, ndipo pachaka mumatuluka mabotolo cha m'ma 5,000 kapena 6,000 a dziko lonse lapansi. Mu 2018 botolo limodzi la 1945 linagulidwa madola 558,000 pa okushoni ku New York. Konzani kaye galimoto ija.

Nabanda: Osamuopseza mnzathu. Koma zoona, eni ake salandira alendo wamba, palibe shopu palibe zolawa, nchifukwa chake simukupeza polembetsa. Munda wokha mutha kuwuona ulere, uli m'mudzi wa Vosne-Romanée ku Bourgogne. Mumayima pamsewu, pali kampanda kafupi ka miyala ndi mtanda wamwala, anthu amajambulitsa pamenepo. Anaika ndi chikwangwani chopempha kuti musalowe m'mundamo. Mwa njira, inu pasipoti yanu ndi ya kuti?

Mai Busa T: Nkhalamba ya zaka 70 mmalo moitengera ku tchalitchi mukuitengera kumowa. Ndiye mwanayo akudwala mukusiyira ndani

Kondwani M: Amayi, pa ukwati wa ku Kana panatuluka Fanta?

Mai Busa T: Kondwani ulemu pang'ono, ndine msinkhu wa mayi ako

Chimwemwe wa ku Cape: Ndipo chinanso anthu samadziwa, mphesa yake ndi pinot noir yomweyo imene ikulimidwa ku Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus. Mukulipira dzina basi. Bwerani nawo kuno agogowo, ndalama ya tambula imodzi ya uko kuno amwa sabata yonse, nyanja aiona, anamgumi awaona.

Nabanda: Achimwene munthu wafunsa za France

Chimwemwe wa ku Cape: Ndikumupulumutsa

Gift wa ku Lyon: Dzina lokha ayi. Ku Bourgogne kamunda kalikonse kali ndi dzina lake ndi malire ake kuyambira kalekale, nthaka imasiyana ngakhale minda yoyandikana, ndipo UNESCO inaiika mindayi pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2015. Minda ina yotchuka ya La Tâche ndi Richebourg ili pafupi pomwepo, mumangoyenda wapansi. Zoti eni ake amadzibisa musadabwe, mu 2010 munthu wina anawaopseza kuti athira poizoni m'mipesa akapanda kumupatsa mayuro 1 miliyoni, anamugwira apolisi.

Chimwemwe wa ku Cape: Gift iwe unalawapo? Ngati sunalawe khala chete

Gift wa ku Lyon: Inuyo munalawa?

Chimwemwe wa ku Cape: Ndinanunkhiza chitsekerero chake, kasitomala wina anabwera nalo yekha botolo

Ankolo Joe: Ine nkhani za mamowa odula sindifuna ndi kumva. Mnyamata wina anandigulitsa wisiki ati wachokera ku eyapoti, pa chinkhoswe cha mwana wanga alendo atakhala kale, kutsekula muja ndi tiyi wozizira. Mpaka lero akuchimuna amandiseka. Wina akakuuzani pa inbox kuti ali nalo botolo lotchipa thawani.

Gift wa ku Lyon: Ankolo akunena zoona apa. Rudy Kurniawan ku America anagamulidwa zaka 10 chifukwa chothira vinyo wina m'mabotolo akale ndi kumata mapepala abodza, ndipo anapusitsa anthu achuma amene amati amadziwa vinyo.

Nabanda: Mwini funso, mayendedwe ndi awa. Ku Paris mukwere sitima yothamanga ya TGV pa siteshoni ya Gare de Lyon mpaka Dijon, sikwana maola awiri, kenako sitima yaing'ono mpaka Nuits-Saint-Georges, apo takisi chifukwa agogo sangayende. Kuti asabwerere atangoona mpanda, atengereni ku Château du Clos de Vougeot, kumeneko amalowetsa ndi tikiti, ndipo ku Beaune kuli malo ambiri olawitsa. Pewani sabata ya Lamulungu lachitatu la Novembala, kumakhala okushoni ya vinyo ya Hospices de Beaune, malo ogona amadzadza. Koma yankhani za pasipoti, ngati ndi ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, pepala lokhalira ku UK silikulowetsani ku France.

Thoko: Za viza musandikumbutse, ine ndinagula tikiti ndisanaipeze, mchemwali wanga anakwatiwa ine ndikuonera pa foni

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Ndamuonetsa mlamu uja mayankho anu ati bwanji sindinafufuze kaye ndisanawauze apongozi, pomwe anawauza ndi iyeyo, ndipo pano akuti abweranso ndi chibwenzi chake ife tilipire chipinda chawo. Mai Busa mwana ali bwino, linali dzino limodzi.

Nabanda: Pasipoti achemwali. Ndipo mukupita mwezi wanji?

Chimwemwe wa ku Cape: Anamgumi ku Hermanus amayamba kuoneka cha mu Juni, ndangoti mudziwe