Kodi chindege cha VC10 chija chinathera kuti?

Wa ku Matawale:
Anzanga tandithandizeni. Dzulo timasesa kuchipinda kwa madala ndiye mu sutikesi yakale ndapeza chithunzi, iwowo ali pa Chileka atavala suti ya kolala yaikulu, kumbuyo kwawo chindege cha Air Malawi koma mainjini onse anayi ali kumchira osati kumapiko. Ndawafunsa angoti ndi VC10 basi. Ilipobe imeneyi?

Mkulu wa pa Airwing:
Iii mwana wanga wandikumbutsa kale. Imeneyo nambala yake inali 7Q-YKH, a Air Malawi anaigula kwa kampani ya ndege ya British Caledonian mu 1974, ndiyo inkapita ku London Gatwick kuchokera ku Blantyre. Mainjini ndi a Rolls-Royce Conway, anawaika kumbuyo dala kuti mapiko asakhale ndi chotchinga, ndiye imatha kudzuka pa bwalo lalifupi kumalo otentha ndi okwera ngati kwathu kuno. Koma phokoso lake abale, ikamanyamuka mumasiya kaye kuyankhula. Mafuta nawonso imamwa osati masewera. Itasiya ntchito inakakhala kaye ku England, kenako itabwerako inangokhala pa Chileka, dzuwa lake mvula yake, mpaka m'ma 1990 anaiphwasula.

Nachisale:
Zachisoni bwanji. Koma achimwene musadandaule kwambiri, inzake ilipo. Zonse anapanga 54 zokha, ku Brooklands ku England komwe yoyamba inaulukira mu 1962, ndiye komweko kuli myuziyamu ndipo akusunga ina yomwe inalinso ya British Caledonian kenako n'kukhala ya Sultan wa ku Oman. Anaipereka mu 1987, inatera yokha pamenepo. Ina ili ku myuziyamu ya Duxford ku England komweko, yopentedwa mitundu ya kampani yakale ya ndege ya BOAC. Ife yathuyi tikanaikokera pambali ana asukulu bwenzi akukakweramo.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Asisi kuyankhula n'kosavuta kkkk. Ine galimoto ikangokhala miyezi itatu pa galaja matayala aphwa, makoswe adya mawaya, nanga ndege? Madzi amalowera m'mawindo ndi m'zitseko n'kukadikha pansi, aluminiyamu amayamba kutuwa ngati ufa, uyenera kupala, kupaka mankhwala, kupentanso, chaka ndi chaka. Kunjako ambiri amene amagwira zimenezi ndi madala opuma pantchito, ongodzipereka, ena anali mainjiniya a ndege zomwezo. Kuno ndani angakwere makwerero kukatsuka chimchira chija ulele?

Wa ku Matawale:
Zikomo nonse. Ndawawerengera madala zimenezi, aseka, akuti iwo sanakwereko n'komwe, anangoperekeza abwana awo. Chithunzicho mawa ndikachiikitsa mu felemu mtauni.