Makapisozi a CLA kwa munthu wa shuga, mundithandize maganizo

Abale ndithandizeni apa mutu wandizungulira. Achemwali anga abwera kuchokera ku Johannesburg ndi botolo la makapisozi olembedwa CLA, akuti ndi ochepetsa thupi, ndiye akufuna amayi athu ayambe kumwa poti kuchipatala anawauza kuti achepetseko thupi. Vuto ndi loti amayiwo ali ndi shuga, amamwa metformin tsiku lililonse.

Ine ndafufuzako ndithu, CLA ndi mtundu wa mafuta opezeka mu mkaka, batala ndi nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, amapangidwa ndi tizilombo ta m'chifu mwa ziwetozi ndipo ng'ombe yodya msipu imakhala nawo ambiri kuposa yodyetsedwa chimanga. Koma a m'botolowa sachokera ku mkaka ayi, amawapanga kufakitale ndi mafuta a mpendadzuwa kapena a mbewu ina yotchedwa safflower, ndipo mmenemo muli mtundu wina wa CLA wotchedwa trans-10, cis-12 umene wandiopsa kwambiri chifukwa kafukufuku wa ku Sweden mu 2002 anapeza kuti mwa abambo onenepa pamimba unapangitsa thupi kusamva bwino insulin, yomwe imathandiza kutsitsa shuga m'magazi. Nanga kwa munthu woti shuga ali nayo kale zikhala bwanji?

Ndiye anesi, adokotala kapena a zakadyedwe muli muno, amayi amwe kapena tingowaletsa? Alipo wa shuga amene anamwako, shuga yake inkayenda bwanji akayeza? Komanso chambiko ndi mkaka wa ng'ombe za kwathu kumudzi zodya udzu angapitirize osaopa? Sindikufuna kukangana ndi achemwali, agula ndi mtima wabwino ndipo ndalama zapita zambiri, koma moyo wa amayi ndikuuopera.