Wina watsegula tsamba la Facebook m'dzina la chiponde changa

Wopanga chiponde, Mchinji:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Wina watsegula tsamba la Facebook, dzina la chiponde changa, lebulo yomweyo, zithunzi zanga zomwe. Akuuza anthu kuti atumiziretu ndalama pafoni, katundu osafika. Makasitomala akuimbira ine mokalipa. Bizinesiyi ndinalembetsa kwa Registrar General, si ndiye kuti dzinalo ndi langa?

Wa uchi, Mzuzu:
Pepani achemwali, koma kulembetsa bizinesi ndi kwina, trademark ndi kwinanso. Satifiketi muli nayoyo imangoti boma likuidziwa bizinesi yanu. Dzina ndi chizindikiro cha pabotolo zimatetezedwa ndi Trademarks Act ya 2018, fomu yake ina, ndalama zakenso zina. Mukalembetsa zimakhala zaka 10, kenako mumakawonjezera. Amatengera gulu la katundu: chiponde chili m'gulu 29, uchi wangawu m'gulu 30.

Wokonza makompyuta, Lilongwe:
Za trademark zimatenga miyezi, anthu akuberedwa lero. Mayi, musanachite chilichonse jambulani screenshot tsamba lonselo, nambala yolandirira ndalama ndi mauthenga omwe makasitomala alandira. Wakubayo akazindikira kuti mwadziwa afufuta. Kenako lipotani kwa Facebook kuti tsambalo likudzizimbaitsa ngati inu, ndipo pemphani oberedwawo alipotenso. Nambalayo kaipereke ku kampani ya foni ndi kupolisi. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Wosindikiza malebulo, Limbe:
Ine funso langa n'lina. Lebulo ili patsambalo ndi yoyera bwino, kapena ikuoneka kuti anangojambula botolo? Ikakhala yoyera ndiye kuti fayilo ya lebuloyo inatuluka. Kuntchito kwathu kuno mafayilo amangoyenda pa WhatsApp ndi pa flash, mnyamata aliyense wa pashopu ali nawo. Muziopa zimenezo kuposa tsambalo, chifukwa mawa muona mabotolo a lebulo yanu mumsika, mkati muli chiponde chosakaniza ufa. Komanso amene anakujambulirani lebuloyo munalemberana naye kuti ndi yanu? Popanda pepala pamabuka mkangano.

Wopanga chiponde, Mchinji:
Ndi yoyera, achimwene. Ndinatumiza kwa osindikiza angapo pofunsa mitengo.

Wosindikiza malebulo, Limbe:
Eetu. Pofunsa mtengo muzingotchula kukula kwa lebulo, mitundu ndi kuchuluka kwake. Fayilo yeniyeni ipite kwa amene mwagwirizana naye basi. Pa oda yotsatira sinthaniko kenakake, muike nambala imodzi yolipirira pa lebulo pomwepo.

Wa uchi, Mzuzu:
Ndipo poti muli pafupi ndi malire, ngati mumawolotsa katundu ku Chipata, trademark ya kuno siigwira ntchito kumeneko. Ku Zambia amalembetsa ku bungwe la boma lotchedwa PACRA.

Wokonza makompyuta, Lilongwe:
Usiku uno yatsani two-step verification (chitetezo chachiwiri polowa mu akaunti) pa WhatsApp ndi pa Facebook yanu yeniyeni. Akuba akaona kuti tsamba lawo latsekedwa amayesa kulanda lanulo. Wina akaimba kuti mumuwerengere manambala 6 omwe alowa pa SMS, dulani foni.

Wopanga chiponde, Mchinji:
Ndayatsa. Kupolisi ndipita mawa mmawa. Achimwene a ku Mzuzu, fomu ya trademark ija munalemba nokha kapena munadzera kwa loya?